Mumugoneke

Poti magetsi atithawa ndipo palibe akufuna kukagona, tasenderani kuno ndikuuzeni za liwu limodzi la Chichewa chathu chomwechi limene mpaka lero sindimaliiwala. Musandiyese munthu wa nthano. Moyo wanga wonse ndathera m'fungo la sipiriti ndi mkodzo wa amphaka, ndipo ntchito yotere imaumitsa mutu. Munthu akandiuza kuti galu wake amulodza, ine ndimayamba ndafunsa kuti anamupatsa liti mankhwala a njoka zam'mimba.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kachipatala kanga ka agalu ndi amphaka ku Lilongwe, m'mbali mwa msewu wa ku Likuni. Kanali kanyumba kakale kamalata: chipinda cholandirira anthu kutsogolo, chipinda cha tebulo pakati, makola kuseri. Tinalipo atatu. Ine dokotala. A Matewere, bambo wachikulire amene ankalondera ndi kutsuka makola, wokonda wailesi kuposa tsache. Ndi Edesi, mtsikana amene ankalandira anthu ndi kundigwirira ziweto ndikamabaya. Popanda Edesi ine sindikanatha kanthu. Anali ndi maso oti nkhupakupa ili m'khutu la galu wakuda ankaiona galuyo akadali pageti. Kunyumba anali ndi kamwana kakakazi, Yankho, kongoyamba kumene kuyenda, ndipo dzuwa silinkalowa tisanamve zimene Yankho wachita.

Tsono pantchito yathu liwu loti kugoneka limanena zinthu zitatu. Galu akadwala kwambiri timamugoneka, ndiye kuti atsala nafe m'khola monga momwe amagonekera anthu kuchipatala. Tikafuna kumufula kapena kumusoka timamugoneka ndi mankhwala, pakapita kanthawi amadzuka. Ndiye pali kugoneka kwachitatu, kwa jekeseni wosadzuka naye. Eni agalu liwu loti kupha limawalemera pakamwa, choncho amazungulira, nafenso tinazolowera kuzungulira nawo.

Tsiku limene zinayamba linali la katemera wa chiwewe. Pabwalo panadzaza anthu ndi agalu, ena pa zingwe, ena m'matumba, kukuwa kokhakokha. Mkati mwa chipwirikiticho munafika mayi wina wokalamba, atafunda chitenje chakuda kumutu. Kutsogolo kwake kunali galu wakumudzi, wofiirira, woonda, ali ndi chingwe cha khonje m'khosi. Mayiwo sanagwire chingwecho. Sanalowenso m'nyumba, anangoima pakhomo.

"Mwana wanga," anatero kwa Edesi, "galu uyu mumugoneke."

Edesi anawerama, naona kuti chingwe chija chinadya khosi la galuyo mpaka kuchita chilonda chozungulira.

"Chabwino agogo, timugoneka."

"Lero lomwe?"

"Lero lomwe, musadandaule."

"Ambuye akudalitseni."

Mawu amenewa ndinawamva ndekha ndili pa tebulo, ndipo nanenso ndinamva monga anamvera Edesi: galu wachilonda, atsale timuchize. Pomwe Edesi ankatembenuka kuti afunse dzina lawo ndi kumene akuchokera, mayi aja anali atafika kale kumsewu, akuyenda liwiro losayenera msinkhu wawo, osacheuka.

Galu uja anali wofatsa zomvetsa chisoni. Tinamuvula chingwe, tinatsuka chilonda, iye phee. Chingwecho Edesi anachikoloweka pamsomali m'chipinda cha tebulo. Anandiuza akuseka kuti n'chodabwitsa, galu wayenda m'fumbi lonse lija koma nsonga ya chingwe ilibe dothi, ngati sinakhudze pansi. Ndinamuyankha kuti achepetse kuyang'anitsitsa zinthu, pali agalu ena akudikira.

M'mawa mwake chingwe chija tinachipeza chitamangidwa pachitseko cha khola la galuyo, kunja kwake, mfundo yake yaukhondo bwino. A Matewere analumbira kuti sanachikhudze. Ndinachibweza pamsomali. Kutacha chinali pakhola pomwepo.

Zinthu zinayamba kusuntha. Sikuti zinkabedwa ayi. Ndowa imene a Matewere ankaisiya pakati pa kanjira kopita kumakola tinkaipeza itakankhidwira kukhoma. Sikelo chimodzimodzi. Mipando ya m'chipinda cholandirira anthu inkapezeka itandandalikidwa m'mbali, pakati pali mbee. Pashelefu ya mankhwala mabotolo onse analipo, koma pafumbi panali mizere ya zala, ngati wina wayenda akusisita botolo lililonse. Khoma lathu linali lopaka laimu, ndipo pamsinkhu wa m'chiuno panayamba kuoneka mzere wakuda wa manja, kuchokera pakhomo lakutsogolo mpaka kumakola.

Chimene chinandisowetsa mtendere kwambiri chinali bata. Amene munafikapo pamalo osungira agalu mukudziwa kuti dzuwa likamalowa kumakhala phokoso logonthetsa m'khutu. Koma masiku amenewo chisisira chikangoyamba, makola onse ankangoti zii. Agalu akuluakulu olondera, oti amaluma ndi mwini wake yemwe, ankapanikizika kungodya, mchira pakati pa miyendo. Galu wofiirira yekha ndi amene ankadzuka. Ankabwera pachitseko cha khola, n'kukweza mutu, n'kumagwedeza mchira akuyang'ana m'mwamba pang'ono, pamene pangakhale nkhope ya munthu woimirira. Chakudya sankachikhudza.

Ndinawapanikiza a Matewere kuti anene ngati akulowetsa anzawo ife tikaweruka.

"Adokotala, ine ukalamba uno ndilowetse ndani?" anatero, atazimitsa wailesi yawo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. "Koma poti mwafunsa, pali ndodo."

"Ndodo yanji?"

"Imagogoda m'mbali mwa khoma. Kho, kho, kho. Ikafika pandowa imaima, ndowa ija n'kukhwekhwereza. Kenako kho, kho, mpaka kumakola."

"Inu n'kumangomvera? Tochi ndinakugulirani yantchito yanji?"

"Ndimawalitsa. Palibe munthu. Komatu adokotala, wakuba ukamuwalitsa amathawa. Uyu tochi siimuuza kanthu. Amangopitiriza kugogoda ngati sindinayatse."

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Edesi ndi amene anaganiza zomuchotsa galuyo kumakola akunja. Ankati mwina pali munthu amene akumufuna, ndiye anamulowetsa m'kakhola kachitsulo ka m'chipinda cha tebulo, n'kukhoma ndi loko. Chingwe chija anachitenga n'kuchiponya m'mbaula imene tinkawotcheramo thonje ndi mabandeji. Madzulo amenewo anatsalira pang'ono kuti amupake mankhwala pachilonda. Ine ndinali kutsogolo ndikutseka mawindo pamene ndinamva akuti, "Pepani, ndikupatukireni," mwaulemu, monga umanenera kwa munthu wamkulu amene wakukhudza podutsa. Kenako anakuwa dzina langa.

Ndinamupeza ataima pakati pa chipinda, atagwira phewa lakumanzere.

"Wina anandigwira apa," anatero. "Ndimayesa ndinu."

Ndinakhudza phewalo. Linali lozizira ngati botolo la katemera lochokera mufiriji.

Kuyambira tsiku limenelo Edesi ankayenda phewa limodzi litatsika. Kenako anayamba kuphonya zinthu. Anandipatsira botolo lolakwika, iye amene sanalakwitsepo. Anagunda ngodya ya tebulo imene wakhala akuizungulira zaka zonsezi. Ndinamupeza akuwerenga dzina la mankhwala botolo ataligunditsa pamphuno. Nditamuyang'ana m'maso ndinaona kautsi koyera, ngati ng'ala ya nkhalamba, m'maso onse awiri. Mtsikana wosafika ndi zaka makumi atatu zomwe.

Ndinamutengera ndekha kuchipatala cha maso. Anamuwalitsa, anamudontheza mankhwala, anamuika pamakina. Dokotala wake anandikokera pambali nandiuza kuti utsiwo akuuona, koma chimene chikuuyambitsa sakuchipeza, ndipo ngati upitirira pa liwiro limeneli tikonzekere zoti mtsikanayu sadzaonanso. Pobwerera, titafika pageti, Edesi anaima.

"Dzulo Yankho anandithamangira," anatero. "Ndinamva mapazi ake, koma nkhope sindinaione. Ndinachita kumupapasa, adokotala. Mwana wanga yemwe."

Ndinkamukonda mtsikana uja ngati mng'ono wanga, ndipo ndinachita mantha amene sindinawamvepo.

Chodabwitsa n'chakuti kuchipatala kwathu zinthu zinaleka kusuntha. Ndowa inkakhala pamene yasiyidwa. Mizere ya zala inatha. Ndinawauza a Matewere kuti mwina zija zapita. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Sizinapite. Ndodo ikubwerabe, koma siikupapasanso. Kale inkayenda pang'onopang'ono, kutsata khoma. Pano ikudutsa pakatikati, mothamanga, ndowa ikuilambalala bwinobwino." Anatsitsa mawu. "Ikuyenda ngati munthu amene akuona kumene akupita."

Ndinayang'ana Edesi, amene anakhala pampando wake akuphethiraphethira, akuyesetsa kuona chikhatho chake.

Ndi pamene anaulula zinanso. Ankati dzuwa likamapendeka miyendo yake imangonyamuka yokha. Mayi ake anali atamubweza kangapo ali pamsewu, akulowera cha ku Chigwirizano, wopanda nsapato.

"Pali amene amandikankha pang'ono paphewa," anatero. "Sachita mwankhanza ayi. Amachita ngati wopempha. Koma sasiya."

Ndinaganiza kuti ngati chinthucho chinabwera ndi galu, mwina chikumufuna galu wakeyo, ndipo ife tinamukhomera ndi loko. Ndinatsegula kakhola kaja, ndinatenga chingwe chatsopano n'kumumanga momasuka, nsonga yake n'kuisiya pansi. Galu anatuluka akudzandira ndi njala. Sanapite kukhomo. Anazungulira kuseri kwa mpando wa Edesi, anakhala pansi, nakweza mutu kuyang'ana pamwamba pa phewa lija. Analira kamodzi, kakulira kapansipansi. Tinadikira. Chingwe chinangokhala pansi pomwepo, palibe anachitola.

A Matewere anatenga wailesi yawo ndi jekete. Anati ali ndi zidzukulu, ndiwakhululukire. Sindinawaletse.

Tsiku limenelo Edesi ananyamuka dzuwa likadali m'mwamba ndithu. Anangodzuka pampando, phewa litatsika, n'kulunjika kugeti. Ndinati lero sindimubweza, ndione kumene akumutengera. Ndinanyamula chikwama changa choyendera m'makomo, mmene mumakhala zida zonse, ndipo galu anatitsata, chingwe chikukhwekhwereza m'fumbi.

Edesi ankayenda osaphonya dzenje ngakhale limodzi, pomwe m'mawa womwewo sankaona chitseko. Ndikamuyankhula sankayankha. Tinasiya msewu wa tala n'kulowa njira yafumbi. Ndinaona kuti anthu okumana nafe ankapatuka kwambiri, kusiya malo a anthu awiri, eni akewo osadziwa kuti akutero. Nkhuku zinkathawa. Pagolosale ina panakhala bambo wina amene anali atalawako, ndipo atationa anakweza dzanja akuseka.

"A Bisalomu! Mwasintha wokutsogolerani? Galu mwamuchotsa ntchito?"

Kuseka kuja kunathera pakamwa. Anayang'ana Edesi, anayang'ana kumbuyo kwa Edesi, nadzuka pang'onopang'ono n'kulowa m'golosale chambuyo. Ndinamva akukhoma chitseko.

Dzuwa linali litafiira pamene tinafika pakanyumba kena kaudzu kumapeto kwa mudzi. Edesi anaima pakhomo penipeni. Panja panali mayi aja a chitenje chakuda, akuolera mphale pamphasa. Atakweza mutu n'kuona galu, lichero linawagwa m'manja.

"Mayo ine! Mwabwera nawonso?"

"Agogo, ndife a kuchipatala cha agalu," ndinatero. "Galu wanu tinamugoneka monga munanenera, chilonda chikupola, koma..."

"Munamugoneka? Nanga uyu waima apayu ndani?"

Apo ndi pamene liwu lija linanditembenukira m'mutu.

"Inu mumanena kuti timuphe?"

"Ndikanatchula bwanji, iwo ali pomwepo akumva?" Anayang'ana Edesi, anayang'ana maso akewo, nagwira pakamwa. "Kalanga ine, mwana wa eni ake."

Anali a Nasibeko. Amuna awo, a Bisalomu, anachita khungu ali mnyamata, ndipo galu ameneyu anamulera okha kuyambira ali kamwana. Kumsika, kutchalitchi, kumaliro, galu patsogolo, iwo pambuyo ndi chingwe ndi ndodo. Dzina la galuyo linali Masoanga. A Bisalomu atamwalira anawaika bwinobwino, mwambo wonse unachitika. Koma madzulo a tsiku lomwelo galu anapita kumanda, n'kubwerako chingwe chili chokoka, nsonga yake ili m'malere.

"Njira imene galuyu amaidziwa ndi yobwera kunyumba," anatero a Nasibeko. "Ya uko sakuidziwa, poti sanafe. Ndiye tsiku ndi tsiku ankangowabweretsa. Akuluakulu anati galu atsatire mbuye wake, akawalondolere kumene ayenera kupita. Koma m'mudzi muno palibe analimba mtima kumukhudza. Ine ndinamva kuti kwanuko muli ndi jekeseni wosapweteka."

"Nanga bwanji asiya galu n'kugwira mtsikanayu?"

"Munawatsekera galu wawo. Munthu wosaona ukamulanda chingwe amagwira phewa limene lili pafupi." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo zaka zonsezi sanaonepo kanthu. Pano alawa maso a munthu. Kaya avomera kuwasiya, ine sindikudziwa."

Ndikuuzeni zoona, m'moyo mwanga ndinali ndisanaphepo galu amene akanatha kuchira. Anthu ankabwera ndi agalu oti awatopetsa, ine n'kuwabweza ndi mawu owawa. Ndinayang'ana Masoanga. Anali atagona pamapazi a Edesi, nthiti zikuwerengeka, akundiyang'ana ndi maso ake ofatsa aja. Ndinayang'ananso Edesi. Utsi uja unali utatseka pafupifupi diso lonse, kwangotsala kadontho kakuda pakati.

"Tikachitire kuti?" ndinafunsa.

A Nasibeko anati pamphambano, pamene njira ya kumanda imapatukira. Akazi sitilowa kumanda popanda chilolezo, koma pamphambano tikhoza kufika. Anatiperekeza mpaka pamene mitengo ya kumanda inayamba kuoneka, yakuda bii kutsogolo kwa thambo lofiira, ndipo anaima.

"Ine ndithera pano. Mukatha mumusiye pomwepo, amuna adzamukwirira mawa." Kenako analankhula mokweza, osayang'ana ife. "Bambo, mwanayu si wanu. Galu wanu ndi uyo." Anatembenuka n'kumapita.

Pamphambano Edesi sanafune kuima. Ndinachita kumugwira m'chiuno n'kumukhazika pansi mwamphamvu, ndipo ndinamva kuti pali china chikumukokera mbali ina. Anakhala chowuma, nkhope italoza kumitengo. Kunalibe mphepo. Kunalibe mbalame, ngakhale nkhululu imodzi.

Ndinayala thaulo pansi, Masoanga anagonapo yekha osauzidwa. Ndinameta kaubweya pamwendo wakutsogolo, ndinapaka sipiriti, ndinakoka mankhwala m'botolo. Tsono jekeseni ameneyu amalowa mumtsempha, ndipo kuti mtsempha uoneke pamafunika munthu wachiwiri woti agwire mwendo pamwamba pa chigongono n'kukanikiza ndi chala chachikulu, magazi adzaze. Ntchito imeneyi inali ya Edesi. Chifukwa cha iye sindinkayenda ndi lamba womangira mwendo.

Ndinayesa kukanikiza ndekha ndi dzanja limodzi, kubaya ndi linalo. Galu anali atauma ndi njala ndi ludzu, mtsempha unali utabisala. Ndinabaya, ndinaphonya. Galu sanalire, anangondinyambita dzanja. Ndinabayanso, ndinaphonyanso. Kuwala kunali kukutha. Kumbuyo kwanga Edesi anayamba kudzuka.

"Adokotala," anatero ndi mawu aang'ono, oyamba chichokere kuchipatala. "Kwada. Sindikuonanso chilichonse."

Misozi inanditsekereza m'maso. Ndipo mwachizolowezi chabe, mawu amene ndinkawanena kambirimbiri patsiku anangotuluka okha.

"Tandigwirirani mwendo."

Kumbuyo kwanga Edesi anagwa pansi ngati thumba limene wonyamula walitaya. Ndinamva kho, pafupi ndi bondo langa, ndiye kenako ndodo kugonekedwa pansi mosamala. Mpweya wozizira unandikhudza patsaya. Panamveka kafungo ka fodya wosuta ndi dothi lonyowa. Masoanga anakweza mutu, mchira unayamba kumenya pathaulo.

Sindinayang'ane kumbali. Maso anga anali pamwendo pokha. Ndinaona ubweya wa pamwamba pa chigongono ukugona, malo anayi mbali ino, amodzi mbali inayo. Khungu linalowa m'kati. Mtsempha unadzuka, wonenepa, woongoka, woti ngakhale wophunzira sangauphonye.

Ndinalowetsa singano. Magazi anabwerera m'jekeseni.

"Tayani," ndinanong'ona, monga ndimanenera nthawi zonse.

Khungu linabwerera m'malo mwake. Ndinakankha mankhwala pang'onopang'ono. Makutu a galu anagona chambuyo, kenako anadzuka, kenako anagonanso, monga amachitira galu akamasisitidwa pamutu. Mchira unamenya, unamenya, n'kuleka. Ndinaika chomvera pachifuwa. Munali zii.

Ndinakhala chogwada, osapuma. Kwa kanthawi panalibe chimene chinachitika, ndipo ndinadziwa kuti mwini mpweya wozizira uja akadali pambali panga, akuganiza. Kenako ndodo inakhwekhwereza potoledwa. Kho. Kho. Inayenda masitepe ochepa kulowera kumene kunali Edesi, n'kuima.

Cha kutsogolo, panjira ya kumanda, panamveka kakulira ka galu, kapansipansi, koitana.

Kho. Kho, kho, kho. Ndodo inatembenuka. Inalowa njira ya kumitengo, ikupita, ikuchepa.

Ndinakwawira kwa Edesi n'kumudzutsa. Phewa lake linali lofunda.

"Edesi! Iwe Edesi, tandiyang'ana. Ukuona?"

Anaphethira kangapo. Ngakhale m'chisisira chimenecho ndinaona kuti utsi uja wachoka, maso ali akuda ngati kale. Anayang'ana zikhatho zake, anayang'ana mapazi ake ong'ambika, anayang'ana nkhope yanga, misozi n'kuyamba kutsika.

"Ndikuona, adokotala. Ndikuona bwinobwino."

Ndinafuna kumukumbatira, koma maso ake anali atadutsa kale paphewa langa, akuyang'ana kumitengo. Anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Abambo aja apita, galu ali patsogolo," ananong'ona. "Koma akudutsa pakati pa anzawo. Ndi ambiri, adokotala. Aima m'mphepete mwa mitengomo, ena ali ndi ndodo, ena akungopapasa m'malere." Anandigwiritsitsa. "Onse atembenukira kuno. Amva kuti kuno kuli maso."

Ndinayamba kucheuka, koma anandikoka mwamphamvu.

"Musayang'ane! Tsinzinani. Tsinzinani, tizipita."

Ndinatsinzina. Chikwama ndi zida zonse zinatsala pomwepo. Tinachoka pamphambano paja titagwirana, akazi awiri a maso athu abwinobwino, tikupapasa njira ndi mapazi.